Kodi mwala umalowa bwanji m'impso?

Mayi wina wanditumizira imelo. Bambo awo awapeza ndi mwala m'impso, ndipo achibale akuti wabwera chifukwa cha mchenga wa mumpunga wosasankha bwino. Akufunsa ngati asing'anga akale nawonso ankaganiza choncho.

Mayi, pepani ndi matenda a bambo. Maganizo a achibale anuwo ngakalekale. Hippocrates, sing'anga wa ku Greece, amene anakhalako zaka zoposa 2,300 zapitazo, ankaloza chala madzi akumwa. Ankati anthu omwa madzi a m'mitsinje ikuluikulu, momwe mumathira timitsinje tambirimbiri, ndiwo amadwala miyala, poti matope ndi mchenga zimadikha pansi ngati mumtsuko. Koma ananenanso china chimene ine chimandigometsa: chikhodzodzo chikatentha, mkodzo wamadzimadzi umatuluka, nsenga zake n'kutsalira, n'kumaundana pang'onopang'ono mpaka kukhala mwala. Munthuyu analibe makina oonera m'thupi, komatu apa anayandikira zenizeni.

Mchenga wa mumpunga umangodutsa m'matumbo, ulibe njira yokafikira ku impso. Mwala umapangika momwemo, kuchokera ku michere yosungunuka imene impso zimasefa m'magazi. Mkodzo ukachepa madzi, michereyo imagwirana. Izi zinayamba kudziwika bwino mu 1776, pamene wasayansi Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anapima miyala ya m'chikhodzodzo n'kupezamo asidi wotchedwa uric acid. Lero tikudziwa kuti miyala yambiri ya m'impso ndi ya mchere wotchedwa calcium oxalate.

Kuchotsa mwala m'chikhodzodzo ndiye kunali koopsa. Sushruta wa ku India ndi Celsus wa ku Roma, akatswiri akale a zachipatala, analemba za kung'amba munthu pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi kuti akafike kuchikhodzodzo. Wodwala ankangomugwira mwamphamvu, ali maso, popanda mankhwala ogonetsa. Ambiri ankafa ndi kutaya magazi kapena bala likaola. Lumbiro lakale la madokotala lodziwika ndi dzina la Hippocrates linkawaletsa kung'amba odwala miyala, ntchitoyo aisiyire eni ake. Mlembi wina, Samuel Pepys wa ku London, anapulumuka opaleshoni yotereyi pa 26 March 1658. Mwalawo anausunga m'kabokosi, ndipo kwa zaka zingapo ankachita phwando tsikulo likafika.

Mpunga muzisankhabe, mayi, kuti musagumule mano. Koma za bambo, funsani adokotala kuti mwalawo ndi wamtundu wanji ndiponso kuti azimwa madzi ochuluka bwanji patsiku, makamaka nyengo yotentha ngati ya mu Okutobala.