Kodi mabungwe akunjawa akuthetsadi maukwati a ana?

FUNSO: Zikomo achemwali. Ine ndine mayi wa kwa Mkanda kuno ku Mchinji, ndili mu mother group ya pasukulu yathu. Magalimoto a mabungwe timawaona, kumisonkhano timapita, matisheti tinalandira, koma mwana wa mlamu wanga wa zaka 15 walowa m'banja mwezi wathawu, wasiyira fomu 1. Ndiye zoti dziko lonse likulimbana ndi maukwati a anazi zikuphula kanthu koma?

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri, nkhani ya mwanayo yandikhudza. Zikuphula ndithu koma osati mmene amanenera pa wailesi ayi.

Pa malamulo pokha zinayenda. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, kenako mu 2017 anasinthanso malamulo oyendetsera dziko kuchotsa kamwayi kaja koti wa zaka 15 atha kukwatiwa bola makolo avomere, ndipo mabungwe akunja anakankha nawo pamodzi ndi atsikana athu omwe komanso mafumu ngati Inkosi Kachindamoto a ku Dedza omwe anathetsa maukwati ambirimbiri. UN inalonjeza kuti pofika 2030 mchitidwewu udzakhala utatha. Sizitheka zimenezo. A UNICEF akuti padziko lonse lapansi atsikana okwatiwa asanakwane zaka 18 achoka pa mmodzi mwa anayi kufika pa mmodzi mwa asanu, koma kutsika kwambiri kwachitika ku India, kuno kwathu kafukufuku wa 2015-16 anapeza atsikana 42 pa 100 alionse akukwatiwa asanakwane 18 ndipo chiwerengerochi chatsika koma chikadali chokwera.

Chimandiwawa ine n'choti ndalama zambiri zimathera ku ma workshop kumalodge, ma allowance, mafuta a galimoto, pomwe chokwatitsa mwana inu mukuchidziwa bwino. Sekondale ili kutali, mwana akuchita lendi kachipinda pa trading centre, ufa watha, sopo alibe, yunifomu yang'ambika, ndiye wa kabaza akamugulira chipisi ndi mafuta odzola nkhani yathera pompo. Ku Zomba cha m'ma 2008 anayesa kumapatsa atsikana ndi makolo awo kandalama mwezi ndi mwezi, maukwati ndi mimba zinachepa, koma ndalama zitasiya kubwera zinthu zinabwerera mwakale. Paja Mtukula Pakhomo anayambira kwanu ku Mchinji konko mu 2006. Thandizo lofika m'thumba la kholo limagwira, vuto mapulojekitiwa amatha pakangopita zaka zochepa mwana asanalembe ndi MSCE yomwe.

Za mwanayo musachedwe mayi. Ukwati umenewo lamulo siliuvomereza olo ankhoswe anagwirizana. Pitani ndi anzanu a mother group kwa amfumu, mukaonanenso ndi a Social Welfare pa boma kapena a Victim Support Unit kupolisi, muthanso kuimba 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere. Ngati ali woyembekezera asataye mtima, sukulu imalola kubwerera akachira. Koma musanakamutenge khalani pansi pachibale mugwirizane kuti makope, sopo ndi chakudya azigula ndani, mufunsenso za bursary ku khonsolo, chifukwa akabwera n'kupeza njala yomwe ija abwereranso kwa mwamunayo.