Galimoto zikuuluka mumsewu wathu ku Joni: tingatsitse bwanji liwiro kuchoka pa 60?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Turffontein, kummwera kwa Johannesburg. Ndaifupikitsa. Msewu wawo ndi wa nyumba zokhazokha, pakona pali spaza (kagolosale ka pakhomo), chapakati pali sukulu ya mkombaphala. Madalaivala othawa mzere wa galimoto wa pamsewu waukulu anauzindikira, ndiye m'mawa ndi madzulo matakisi ndi galimoto zina zimadulira momwemo zili pa liwiro loopsa. Mwezi watha mwana wa aneba anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Mayiwa akufunsa zinthu zitatu: kodi liwiro la mumsewu wawo lingatsitsidwe kufika pa 40, apite kwa ndani, ndipo kodi angasonkherane ndalama ndi aneba n'kudziwakira okha hampu ya simenti? Kumapeto awonjezera kuti iwo ndi alendi chabe, komanso si nzika za dziko lino, ndiye akuopa kuti palibe angawamvere.

Mayi, zikomo polemba. Liwiro lingatsitsidwe ndithu, koma ndikuchenjezeretu kuti mukangopempha chikwangwani cha 40 chokha, mudzachipeza mwina, galimoto n'kumathamangabe monga kale. Chofunika kupempha n'chakuti msewuwo auwunike ndi kuusintha maonekedwe kuti dalaivala azichepetsa yekha. Hampu yodziwakira nokha, iyayi, ndipo chifukwa chake ndifotokoza.

Lamulo lili motere. Ku South Africa, pamene palibe chikwangwani chonena zina, liwiro la m'tauni ndi makilomita 60 pa ola, kunja kwa tauni 100, pa freeway 120. Izi zimachokera mu National Road Traffic Act ya 1996 ndi malamulo ake a 2000. Choncho takisi yodutsa pakhomo panu pa 60 siikulakwira lamulo lililonse, ngakhale mtima wanu ukudumpha. Lamulo lomwelo limalola eni msewu kuika liwiro lotsikirapo pogwiritsa ntchito chikwangwani chovomerezeka, chija chozungulira, choyera, cha mkombero wofiira, chimene m'buku la zikwangwani la mayiko a SADC chimatchedwa R201. Chikwangwani chimene mwakalembetsa nokha kwa wopenta chilibe mphamvu iliyonse pamlandu. Komanso uthenga uja umazungulira pa WhatsApp chaka ndi chaka, wakuti liwiro la m'tauni latsika kufika pa 40 kuyambira mwezi wamawa, musamaukhulupirire. Unachokera ku malingaliro amene boma linasindikiza mu 2015 kuti anthu aperekepo maganizo, ndipo liwiro la m'tauni lidakali 60.

Kusiyana kwa 60 ndi 40 anthu amakuchepetsa, ndiye tiyeni tikuyeze m'mamita. Galimoto ya pa 60 imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Dalaivala wamba, wosaledzera, wosayang'ana foni, amatha sekondi imodzi ndi theka kuchoka pamene waona mwana kufika pamene phazi laponda buleki. M'kanthawi kameneko galimoto yayenda kale mamita 25 liwiro lisanatsike ngakhale pang'ono. Kenako pa phula louma, matayala ali abwino, pamafunika mamita ena pafupifupi 20 kuti iime. Onse pamodzi 45. Pa 40, mamita oganizira aja ndi 17, a buleki 9, onse 26. Pa 30 ndi pafupifupi 18 basi. Tsono taganizani mwana watulukira kuseri kwa pikapu yoimikidwa, akuthamangira mpira, galimoto ili mamita 25 kuchokera pamene iye ali. Wa pa 30 amaima mwana ali patali. Wa pa 40 amafika pa mwanayo galimoto itatsala pang'ono kuima. Wa pa 60 amamugunda ndi liwiro lonse la 60, phazi likungofika kumene pa buleki. Mvula ikagwa mamita a buleki amawonjezereka, ndipo matayala a galimoto zambiri zimene timaziona m'misewu yathu mukuwadziwa mmene alili. N'chifukwa chake msonkhano wa mayiko wokambirana za ngozi za pamsewu umene unachitikira ku Stockholm mu February 2020 unalimbikitsa 30 paliponse pamene galimoto zimasakanikirana ndi anthu oyenda pansi. Nanga dalaivala amataya chiyani? Pa msewu wa mamita 500, kuyenda pa 60 kumatenga masekondi 30, pa 40 masekondi 45. Akumenyera masekondi 15.

Funso la kwa ndani. Misewu ya m'malokesheni ndi m'masabebu a Johannesburg, pamodzi ndi zikwangwani, mizere, maroboti ndi mahampu ake, ili m'manja mwa Johannesburg Roads Agency, imene aliyense amangoti JRA. Apolisi a mzinda, a JMPD, ntchito yawo ndi kugwira olakwa, sasintha liwiro la msewu. Misewu ina ikuluikulu ndi ya boma la chigawo cha Gauteng, ndipo ya N monga N1, N3 ndi N12 ndi ya SANRAL, bungwe la misewu ya dziko lonse, koma wanuwo, mmene mwaufotokozera, ndi wa JRA. Khomo lolowera ndi khansala wa wadi yanu. Mzindawu uli ndi mawadi 135, ndipo ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu angakuuzeni nambala ya wadi ndi khansala wake mukangotchula adiresi.

Za ulendi ndi unzika musade nazo nkhawa. Municipal Systems Act ya 2000 imawerengera anthu okhala m'deralo ngati mbali ya anthu amene khonsolo imawatumikira, ndipo imawapatsa ufulu wopereka dandaulo lolembedwa ndi kuyankhidwa. Siinena kuti eni nyumba okha. Pa chikalata cha dandaulo chofunika ndi dzina, adiresi ya mumsewumo ndi siginecha. Komabe kunena mwanzeru, kokani malandilodi, mwini spaza ndi aphunzitsi a mkombaphala kuti asayine nawo, ndipo ngati pali bungwe la anthu okhala m'deralo kapena CPF, komiti ya anthu a m'dera yogwira ntchito ndi apolisi a kwanu, kalata idutse m'manja mwawo. Chikalata chokhala ndi nyumba zambiri za mumsewu womwewo chimalemera kuposa cha mayina 300 a kutchalitchi amene amakhala ku Rosettenville ndi ku Mayfair.

Musanalembe, sonkhanitsani umboni, chifukwa mawu akuti "galimoto zimathamanga kwambiri" khansala amawamva kuchokera mumsewu uliwonse. Yezani mamita 100 pamalo owongoka, ikani chizindikiro cha choko m'mphepete mwa msewu koyambira ndi kothera. Pa Google Maps pali poyezera mtunda, kapena bwerekani tepi kwa bilidala. Munthu mmodzi aime koyambira n'kukweza dzanja galimoto ikamadutsa, wina kothera ayambitse wotchi ya pafoni n'kuimitsa galimoto ikafika pa iye. Gawani 360 ndi masekondi amene mwapeza, yankho ndilo liwiro. Masekondi 9 ndi 40, masekondi 6 ndi 60, masekondi 5 ndi 72, anayi ndi theka ndi 80. Muziyeza galimoto imene kutsogolo kwake kulibe ina yoitchinga, chifukwa yotsatira inzake imangoyenda pa liwiro la mnzakeyo. Mukakwanitsa galimoto 100, ndandalikani manambalawo kuyambira lotsika kufika lokwera, n'kuona la nambala 85. Limenelo mainjiniya amalitcha 85th percentile speed, liwiro limene galimoto 85 mwa 100 siziposa, ndipo ndi nambala imene amagwirira ntchito. Muyeso wanu wa pafoni sungalowe m'malo mwa wawo. Iwo akabwera amayala timapaipi tiwiri ta labala todutsa msewu, tolumikiza ku kabokosi komangirira pa pholo, n'kutisiya masiku angapo. Koma nambala yanu ndiyo imawapatsa chifukwa chobwerera.

Werenganinso galimoto zodutsa pa ola limodzi, 7 mpaka 8 m'mawa ndi 4 mpaka 5 madzulo, masiku a sukulu, ndi ana owoloka pa nthawi yomweyo. Ngozi iliyonse imene inachitikapo ilembeni ndi tsiku lake ndi nambala ya lipoti la ngozi la kupolisi. Apa ndi pamene ambiri timadzipweteka tokha. Galimoto ikagunda geti kapena kukhudza munthu pang'ono, timakambirana pamsewu pomwepo, dalaivala apereka kangachepe, nkhani yatha. M'mabuku a boma msewuwo umaoneka ngati sunachitikepo kanthu. Lamulo limafuna kuti dalaivala akanene ngozi kupolisi, pasanathe maola 24 ngati munthu wavulala, ndipo lipoti limenelo ndilo umboni umene mudzaufune mawa.

M'kalatamo musalembe kuti tikufuna mahampu atatu. Lembani kuti mukupempha traffic calming assessment, kutanthauza kuunika njira zochepetsera liwiro, ya msewu wakuti, kuyambira pakona yakuti kufika yakuti, komanso kuti aunikenso liwiro lake. Phatikizani manambala anu, zithunzi, ndi mapu oonetsa pamene pali sukulu ndi spaza. Kope imodzi kwa khansala, ina ku JRA, ndipo musachoke opanda nambala ya dandaulo lanu, ija amati reference number. Popanda iyo, pakatha miyezi itatu palibe amene angaipeze kalatayo.

Choyamba chimene injiniya amayang'ana ndi gulu la msewu. Misewu kuno inagawidwa m'magulu, kuyambira Class 1, misewu ikuluikulu yolumikiza mizinda, kufika Class 5, timisewu ta pakhomo. Mahampu kawirikawiri amaloledwa pa Class 5 ndi ina ya Class 4. Ngati msewu wanu ndi Class 3, kapena ndi njira ya mabasi a Metrobus kapena Rea Vaya, kapena ndi umene maambulansi ndi galimoto zozimitsa moto zimadalira, hampu akhoza kukukanizani ngakhale umboni wanu uli wabwino. Amakananso pamtsetse waukulu, pokhota pamene dalaivala sangaione patali, pafupi kwambiri ndi mphambano, ndi pakhomo penipeni polowera galimoto. Akakana hampu si kuti zatha. Funsani za malo owolokera okwezedwa pafupi ndi sukulu, karaundabauti kakang'ono pamphambano, kachilumba ka pakati pa msewu, kapena kupanikiza msewu pamalo ena. Zonsezi zimagwira ntchito pa mfundo imodzi: dalaivala amatenga liwiro kuchokera ku zimene maso ake akuona. Msewu wotambalala, wowongoka, wopanda kanthu m'mbali umamuuza kuti ponda, kaya chikwangwani chikuti chiyani.

Ambiri amapempha stop ya mbali zinayi poganiza kuti ndiyo yotchipa. Mainjiniya saikonda ngati mankhwala a liwiro, ndipo ndimagwirizana nawo. Pamene palibe galimoto zambiri zodutsana, anthu amazolowera kungodutsa osaima, makamaka usiku kuno kumene aliyense amaopa kuima pamalo amdima, ndipo mwana amene waphunzitsidwa kuti pa stop galimoto zimaima ndiye amagundidwa.

Tsopano hampu yodziwakira. Hampu yovomerezeka ndi yaitali potsata msewu, mamita atatu ndi theka mpaka anayi, koma yaifupi kupita m'mwamba, masentimita 8 mpaka 10, yokwera pang'onopang'ono kotero kuti pa 30 galimoto imadutsa bwinobwino, pa 60 dalaivala amamva kuwawa. Imapentedwa mizere yoyera, ndipo kutsogolo kwake kumakhala chikwangwani chochenjeza. M'mphepete amasiya mpata kuti madzi ayende mu ngalande. Imene aneba amawaka Loweruka ndi matumba anayi a simenti imakhala yosiyana m'zonse: yopapatiza ngati mzere wa mbatata, yaitali m'mwamba, yopanda penti, yotseka msewu kuchoka mbali ina kufika ina. Galimoto yaing'ono yodzaza anthu imakhula pansi n'kuboola sampu kapena kuthyola ekizozi. Wa njinga yamoto woperekera zakudya, amene sakuudziwa msewuwo, amaiona usiku atafika kale. Mvula ya mabingu ya kuno, ya pakati pa October ndi March, ikatsika, madzi amaima pa hampupo n'kukhotera m'geti mwa nyumba ya kumunsi, m'zipinda za kuseri zimene ambiri a ife timachita lendi. Ndipo simenti yothira pamwamba pa phula sigwirana nalo, imasweka m'miyezi yochepa n'kusiya zibuma. Kukumba kapena kumanga chilichonse mumsewu popanda chilolezo cha JRA, chimene amachitcha wayleave, n'kulakwa. Akhoza kuigumula, ndipo wina akavulala kapena kuwononga galimoto, mlandu umagwera amene anaiwaka. Ngati ndalama mwasonkherana, nenani m'kalata kuti anthu a mumsewu ali okonzeka kuthandiza kulipira, koma pulani ndi chilolezo zichokere kwa eni msewu, ntchito agwire kontilakitala wovomerezeka.

Hampu imodzi yokha nayonso sithandiza kwenikweni. Dalaivala amaponda buleki, kudutsa, n'kupondanso moto, phokoso n'kukulira pakhomo pa amene ali pafupi. Zimayenera kutsatizana, pafupifupi mamita 100 kapena kupitirirako pang'ono. Dziwaninso kuti zikaikidwa, othawa mzere aja amasamukira mumsewu wotsatira, ndiye ndi bwino kulankhulana ndi a kumeneko kuti pempho likhale la misewu yonse iwiri.

Podikira, pemphani a JMPD kudzera mwa khansala kuti adzatchere liwiro pa maola amene mwawerenga aja. Musayembekezere zambiri. Pa msewu wa 60 sagwira munthu amene sanapitirire 70, chifukwa pali mpata wa makilomita 10 umene amasiya, ndipo apolisi akachoka liwiro limabwerera. Apa ndi pamene chikwangwani cha 40 chimathandizira: pa 40, wa pa 55 walakwa kale, ndipo wopitirira malire ndi makilomita oposa 30 m'tauni nkhani yake imakathera kukhothi, kumene laisensi ikhoza kuimitsidwa.

Za nthawi, konzekani kudikira. Chaka cha ndalama cha khonsolo chimayamba pa 1 July n'kutha pa 30 June, ndipo pempho likhoza kuvomerezedwa koma n'kukhala pamzere kudikira bajeti. Misonkhano ya IDP, pulani ya chitukuko ya khonsolo, kumene anthu amanena zofuna za wadi yawo, imachitika cha m'ma April bajeti isanavomerezedwe. Pitaniko anthu angapo ndi reference number yanu ija, mupemphe kuti msewu wanu ulembedwe pa zofunika za wadi, ndipo mufunse mlembi wa msonkhano akuwerengereni mmene walembera.