Tizilombo timene timadya mafuta a m'maselo a ziweto

Bambo wina woweta ng'ombe za mkaka wafunsa kuti: "Ng'ombe yanga ikudya bwino koma ikuwonda ndi kutsokomola. Ataiyeza akuti ili ndi chifuwa chachikulu, ndiye iphedwe. Bwanji osangoibaya jekeseni kuti ichire?"

Bambo, ndikudziwa kuti kutaya ng'ombe yokama n'kowawa, koma musaiumirire. Matendawa amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Mycobacterium bovis, m'bale wake wa uja woyambitsa TB ya anthu amene Robert Koch anamutulukira mu 1882. Bakiteriyayu akalowa m'mapapo, maselo a chitetezo cha m'thupi amamumeza kuti amugaye. Iyeyo ali ndi chikopa chokhuthala chaphula, ndipo amalepheretsa seloyo kumugaya, choncho amakhazikika momwemo. Chakudya amachipeza pomwepo: mafuta a seloyo, makamaka kolesitero. Selo yogwidwa imayamba kudzikundikira timadontho ta mafuta mpaka kufufuma, bakiteriya n'kumaphwanya mafutawo kuti apeze mphamvu ndi zomangira chikopa chake chija. Zinthu zikamuthina, amasunga mafuta ena m'kati mwake, n'kusiya kuswana, n'kungokhala chete kwa miyezi kapena zaka.

Apa ndi pamene jekeseni imagonjera. Mankhwala ambiri opha mabakiteriya amagwira bwino amene akukula ndi kuswana, osati wogona m'kati mwa selo. N'chifukwa chake munthu wodwala TB amamwa mankhwala angapo pamodzi kwa miyezi 6 kapena kupitirira. Komanso bakiteriya wa ng'ombeyu samva n'komwe pyrazinamide, amene ndi amodzi mwa mankhwalawo. Mukati muyesere kuichiza, nthawi yonseyo ng'ombe ikhala ikupatsira zinzake kudzera m'mpweya, ndi banja lanu kudzera mumkaka.

Amene anaonapo ng'ombe yotere itasendedwa akudziwa. M'mapapo ndi m'anabele a pachifuwa mumapezeka zotupa zachikasu, m'kati mwake muli phala louma lonyenyeka, ndipo zikakhalitsa mpeni umamveka ngati ukudula mchenga. Phala limenelo ndi maselo akufa pamodzi ndi mafuta awo, mabakiteriya ali momwemo. Chotupa chikaphulikira m'njira ya mpweya, chifuwa chija chimawamwaza m'khola monse.

Itanani alangizi a ziweto ayeze khola lonse. Amabaya mankhwala oyezera pakhungu n'kubweranso pakatha maola 72 kudzaona ngati patupa. Yopezeka nawo ipatulidwe tsiku lomwelo, thole lisayamwe, mkaka uliwonse uziwiritsidwa. Ngati pakhomo pali amene akutsokomola kosalekeza, apite kuchipatala, akanenenso za ng'ombeyo.

Bambo yemweyo anawonjezera kuti: "Ndiye ndichepetse zakudya zamafuta kuti tizilomboto tife ndi njala?" Ayi ndithu. Thupi la ng'ombe limadzipangira lokha kolesitero, ndipo selo iliyonse imamufuna pomanga kakhungu kake. Kuimana chakudya kungofooketsa chitetezo chake.

Mayi wina woweta nkhuku akuti: "Zikuyetsemula, m'maso muli thovu, usiku zikumveka kukhoroma. Ndazipatsa penisilini koma palibe chasintha."

Mayi, poyamba aitaneni a zaziweto atsimikize, chifukwa chitopa ndi matenda ena amayambanso ndi chimfine. Ngati nkhuku sizikufa zambiri koma matenda akungokokoza, kawirikawiri amakhala bakiteriya wotchedwa Mycoplasma gallisepticum. Ameneyu njira yake ndi ina. Alibe khoma lolimba limene mabakiteriya ambiri ali nalo, ali ndi kakhungu kofewa kokha, ndipo amakalimbitsa ndi kolesitero amene sangathe kudzipangira. Amamatirira pa maselo a m'kholingo la nkhuku n'kumatenga kolesitero wa nkhukuyo. Penisilini ntchito yake ndi kusokoneza kumangidwa kwa khoma, ndiye pamene palibe khoma alibe chogwira. Simunalakwitse muyezo, mankhwalawo ndi amene sali oyenera.

Tylosin kapena oxytetracycline amachepetsa zizindikiro, bola mutsate muyezo ndi masiku olembedwa pa paketi oti mudikire musanadye kapena kugulitsa mazira ndi nyama. Koma dziwani kuti nkhuku yooneka yochira imakhalabe ndi bakiteriyayu, ndipo amadutsa m'dzira kupita kwa mwanapiye. Mazira a gulu limenelo musawaike kuti aswedwe, anapiye atsopano musawasakanize ndi zakalezo, ndipo m'khola muzipita mpweya wokwanira, chifukwa fumbi ndi fungo la zitosi zonyowa zimakulitsa matendawa.