Funsani za Kompyuta: ArrayList yandichititsa manyazi pamaso pa malume

Funso: Akulu, ine ndili ku Luchenza, ndikuphunzira C#, chilankhulo cholembera mapulogalamu, pandekha pa kalaputopu kakale. Ndinapanga kapulogalamu kolemba makilo a masamba a tiyi omwe malume ndi anzawo amagulitsa, zonse ndaponya mu ArrayList, mndandanda wosungiramo zinthu mu pulogalamu, monga ndinaonera pa YouTube. Tsiku lowonkhetsa, malume ali chilili kumbuyo kwanga, kanangofa n'kulemba InvalidCastException. Mnzanga akuti ndisinthe ndiike List<double>, koma si zimodzimodzi kodi?

Yankho: Ayi achimwene, n'zosiyana kwabasi. ArrayList ili ngati thumba la pa msika wa Bvumbwe, kabichi, tomato, nsapato, limangomeza zonse poti chilichonse kwa iyo ndi object, chinthu wamba basi. Ndiye potulutsa mumachita kuilumbirira kuti ichi ndi double, nambala yokhala ndi kadontho, kulumbira kumeneko ndiye cast, ndipo mukanama imakugwirani pulogalamu ili mkati kuyenda, anthu akuonerera. Mwina munalowetsa "12" wochokera mu TextBox, kabokosi kolembamo kaja, amene ndi mawu osati nambala, koma ine ndikuganizira kwambiri china, munthu wina anakolola makilo 12 ndendende, inu mwalemba 12 wopanda kadontho, C# yamusunga ngati int, nambala yathunthu, ndipo int amene walowa mu object satuluka ngati double ngakhale mumunyengerere bwanji. A 12.5 onse amadutsa bwinobwino, nchifukwa chake poyesa simunaone kanthu.

List<double> ili ngati kalaliki wa pa sikelo uja wokana masamba okhwima asanakwere thirakitala. Mukaika mawu compiler, yomwe imasandutsa zolemba zanu kukhala pulogalamu, imakana pompo, mzere wofiira, pulogalamu osadzuka n'komwe, pomwe 12 uja imangomusandutsa yokha 12.0. Imathamanganso, chifukwa ArrayList nambala iliyonse imayamba yaikulunga kaye, boxing, kenako kumasulanso potulutsa, ngakhale pa alimi 30 zimenezo simungazimve, tisanamizane.

Vidiyo munaonerayo ndi ya makedzana kapena mwini wake anakakamira zakale. Ma generics, njira youzira List mtundu wa zinthu zolowamo ngati double uja, analowa mu C# ndi .NET 2.0 mu 2005, chilankhulo china cha Java chinali chitayamba kale mu 2004, ndipo a Microsoft eni ake amalangiza kuti ArrayList isamagwiritsidwe pa ntchito zatsopano.

Pamwamba ikani using System.Collections.Generic, za mu TextBox zizidutsa kaye pa double.TryParse kuti mawu asanduke nambala, ndipo mukafika powerengera malume makwacha awo, pamenepo tengani decimal, mtundu wa nambala woyenera ndalama, double amasokoneza matambala.