Za mwana amene wagwa m'chikondi ndi opera

Asisi, mwati mtsikana wanu wa mu kwaya ya kutchalitchi wayamba kumangokhalira opera (masewero amene nkhani yake imachita kuimbidwa) pa YouTube mpaka bando kutha, ndipo akuti akufuna kuphunzira kuimba chomwecho, ndiye inu mukuopa kuti izi ndi za azungu achuma angotaya nthawi. Ine ndimakhala ku Cape Town ndiye ndikuuzeni zomwe ndaona kuno.

Kale zinalidi choncho, sindingakunamizeni. Nyumba yaikulu ya zisudzo kuno, imene pano timati Artscape, itatsegulidwa mu 1971 inkatchedwa Nico Malan ndipo munthu wakuda samaponda mkati, anadzalola aliyense mu 1975. Koma chomwe ambiri sadziwa nchoti kuyambira 1956 gulu la Eoan la anthu omwe sanali azungu, lomwe linayambira ku District Six konkuno ku Cape Town, linkaimba kale opera ya Chitaliyana, anthu oti masana ali kuntchito madzulo ali pa steji, nthawi ya boma la tsankho imeneyo. Ndiye zoti ifeyo tangoyamba dzulo ndi bodza.

Pano mukaona oimba a Cape Town Opera ambiri ndi akuda, ndipo ambiri anakulira m'makwaya a kusukulu ndi kutchalitchi ngati mwana wanuyo. Pretty Yende ndi mwana wa ku Piet Retief ku Mpumalanga, opera anaimva koyamba ali ndi zaka 16 pa advert ya British Airways pa TV, basi mtima unapita. Mu 2023 ndi amene anaimba ku Westminster Abbey pa mwambo woveka ufumu King Charles. Levy Sekgapane, nayenso wa konkuno ku South Africa, anawina mpikisano wa oimba opera a dziko lonse lapansi wa Operalia mu 2017. Ndipo ine ndimaona kuti omvera amasintha chifukwa cha oimbawo, mwana wa pakhomo akakwera steji azakhali, anzake a kwaya, aneba onse amabwera kudzaona wawo, ena kukhala koyamba kulowa nyumba imeneyo.

Ine tsiku langa loyamba ndinavutika ndi jekete yobwereka kuopa kuchita manyazi, kufika uko ndikupeza achinyamata ali mu jinzi ndi matekisi kkkk. Mawu akumasulira amawalemba pa sikirini pamwamba pa steji ndiye nkhani umaitsata bwinobwino ngakhale Chitaliyana sudziwa. Chinandizunguza mutu ndi choti mayi amene ankaimba pa steji analibe maiki koma mawu ake amadutsa okestra yonse kudzandipeza kumpando wakumbuyo, thupi lonse tsembwe. Mayi wina pafupi nane analephera kupirira anangoyimba nthungululu, agogo achizungu ena kutembenuka, kenako nawonso kumaseka.

Koma ndisakometse zonse. Vuto lenileni pano si pakhomo polowera, ndi thiransipoti. Sewero limatha cha m'ma 10 usiku, maminibasi atasiya kale, ndiye wokhala ku Khayelitsha, komboni ya kutali ndi tawuni, galimoto yobwerera imamudyera ndalama mwina kuposa tikiti. Zoti Metropolitan Opera ya ku New York inayamba kuonetsa masewero ake m'masinema mu 2006 zinathandiza, koma zimathandiza amene ali pafupi ndi sinema. Kwathu ku Malawi sinema yathu ndi foni basi.

Ndiye musamuletse, ndipo kwaya asasiye, kumeneko ndiye kumene khutu limakhwimira. Ngati amawerenga kale tonic sol-fa ndi poyambira pabwino, koma aphunzire staff notation (kuwerenga nyimbo zolembedwa pa mizere isanu) ndi kiyibodi pang'ono chifukwa kusukulu za nyimbo ngati ya ku University of Cape Town adzazifuna. China, mumuuze asamakakamize mawu kutengera zimphona za pa YouTube, akhoza kuwononga kummero akadali wamng'ono, amenewo aphunzira zaka zambirimbiri. Afunseni a choir master ngati akudziwa munthu wophunzitsa kapumidwe ndi katulutsidwe ka mawu. Ali ndi zaka zingati kodi, ndipo amaimba soprano kapena alto?