Ma setifiketi si umboni, achemwali: yankho langa pa nkhani yoyeza pulojekiti yanu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Namwera, dzina ndabisa. Amagwira ku kabungwe kamene kanaphunzitsa achinyamata ndi amayi a m'mabanja ovutika zosoka, ukalipentala ndi kuwotcherera, nde opereka ndalama akufuna umboni woti miyoyo yasintha. Funso lawo ndi ili: "Tili ndi mayina a onse amene anamaliza, ma setifiketi ndi zithunzi za tsiku lotsekera. Sizokwanira zimenezi? Ngati ayi tiyambire pati?"

Sizokwanira ayi achemwali. Zithunzizo zikungoonetsa kuti tsiku limenelo anthu anatchena ndipo mpunga unalipo. Chimene akufuna kudziwa opereka ndalamawo ndi choti mayi amene anaphunzira telala uja, pakadapanda maphunzirowo, lero bwenzi ali pati? Ndipo funso limeneli simungaliyankhe poyang'ana iye yekha, pafunika munthu wina wofanana naye amene sanalowe nawo.

Anthu amenewo muli nawo kale, ndi aja analembetsa koma malo anachepa. Mapepala awo musayatsire mbaula chonde. Muwafunse mafunso omwewo, mwezi womwewo, chifukwa ngati ophunzira anu akupeza bwino koma anzawo otsala aja nawonso akupeza bwino chimodzimodzi, ndiye kuti ndi usipa umene unaphedwa wambiri chaka chimenecho, si inu ayi. Pa nkhaniyi ndimakumbukira za MASAF. Ntchito zolambula misewu zija aliyense ankangoti zimathandiza pa njala, basi zodziwikiratu. Koma mu 2012 ndi 2013 akatswiri ena kuphatikiza a World Bank anasankha midzi ndi mabanja mwa mayere, ena nkulowa ena ayi, kenaka nkuwatsatira onse, ndipo sanapeze umboni woti mabanja olowa aja ankadya bwino kuposa anzawo, olo kugula feteleza wambiri. Akanangofunsa olandira okhaokha bwenzi aliyense atati zikomo boma, lipoti nkutuluka lokoma. Ulendo wina mukamalemba gulu latsopano, ngati oyenera achuluka kuposa malo, chitani mayere poyera amfumu akuona, ndipo onse muwafunse maphunziro asanayambe. Zimachepetsanso mijedu yoti munalowetsa abale anu.

Tsopano kafunsidwe, apa ndi pamene ambiri amagwera. Mukafunsa munthu wa kuno kuti "kodi muli pa ntchito?" ayankha kuti ayi, chifukwa kwa ife ntchito ndi ya pamwezi, ya ku boma kaya ku hotela za ku Nkopola. Chonsecho munthuyo dzulo anali pa kabaza, dzana anakoka nawo khoka, mkazi wake akuyanika usipa pa thandala ndi kukazinga zitumbuwa. Nde funsani za masiku 7 apitawa, tsiku ndi tsiku, munachita chiyani chobweretsa ndalama, maola angati, munapeza zingati. A National Statistical Office ku Zomba nawonso pa kafukufuku wawo wa m'makomo amafunsa za masiku 7 omwewa. Kwa telala musalembe ndalama yonse imene kasitomala wapereka ngati phindu, chotsani ya ulusi, zipi, lendi ya pakhonde. Ndipo mufunse ngati mashini aja akadalipo, chifukwa nthawi zina amakhala anapita kalekale pa ngongole ya banki mkhonde, ndipo funso limodzi limeneli likuuzani zambiri kuposa mapeji atatu.

Mwezi nawo ndi nkhani. Kufunsa koyamba mu Febuluwale njala ili pakhosi, kachiwiri mu Meyi anthu atakolola, mupeza kuti aliyense watukuka, bodza lenileni. Telala wa ku Mangochi Eid ikayandikira sagona, sukulu zikamatsegulira mayunifolomu mbwee, koma miyezi ina amangosoka zigamba. Kunyanja mwera ukawomba mu Juni ndi Julayi ndalama imasowa dooko lonse, wowotcherera naye amakhala manja lende. Yerekezani Febuluwale ndi Febuluwale mnzake basi.

Wofunsa asakhale mphunzitsi wawo uja, ameneyo amuuza zomusangalatsa. Asakhalenso wovala tisheti ya bungwe ngati nkotheka, chifukwa anthu akaona kope ndi cholembera amaganiza kuti kukubwera thandizo, nde mbuzi zimabisidwa, wina aliyense amasanduka wosauka wotheratu. Nenani poyamba pomwe kuti mayankhowa sakulowetsa munthu mu Mtukula Pakhomo kapena kumuchotsamo, ndipo amene sakufuna kuyankha asakakamizidwe. Kwanu kuko mafunso akhalenso m'Chiyawo, omasuliridwa kale papepala osati aliyense azimasulira za m'mutu mwake, amayi afunsidwe ndi mayi mnzawo paokha bambo asali pompo, ndipo Lachisanu masana musavutike, anthu ali ku mzikiti.

Chimene chidzakupwetekeni mutu kwambiri ndi osowa. Mnyamata wakwatira wapita chikamwini mudzi wina, wina ali ku Makanjira pa usodzi, wina anakwera basi ya ku Joni, nambala yake ya Airtel inafa kalekale. Mukangowasiya amenewa lipoti lanu likhala la anthu otsala pamudzi okha, pomwe mwina amene anapindula kwambiri ndi wowotcherera amene ali ku Johannesburg akutumiza ndalama, kapena amene zinamukanika ndi amene akukuthawani ndi manyazi. Tengani manambala a abale awiri, makamaka amayi ake kapena mlongo wake poti iwo sasamukasamuka, ndipo mu lipoti mulembe chilungamo kuti mwa anthu onse tinapeza angati, angati sitinawapeze, chifukwa chake nchiyani.

Za zida musadandaule, KoboToolbox, pulogalamu yolembera mayankho a kafukufuku, ndi yaulere kwa kabungwe ngati kanu ndipo imagwira pa foni ya Android olo netiweki kulibe, mumadzatumiza mukafika pabwino. Mafunso asapitirire theka la ola. Koma zithunzi za zitupa za anthu ndi mayina awo zisamayende pa gulupu ya WhatsApp, kuli lamulo la Data Protection Act la 2024, komanso ndi ulemu chabe. Pa fomu ikani nambala, mayina akhale m'kope lina lokhomeredwa mu kabati.

Mukakonza mafunsowo kayeseni kaye pa anthu 5 a mudzi umene suli mu pulojekiti, kenaka munditumizire pa imelo yomweyi ndiwaone.