Yankho kwa azakhali pa za chithokomiro cha msuweni

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko ku Chadiza? Uthenga wanu ndaumva. Mukufunsa ngati kunjenjemera kwa manja a msuweni wanga kukuchokera kumsana, poti amadandaula msana akaweruka kumunda, ndiponso ngati apitirize mapilitsi amene anamupatsa kuchipatala. Ndiyankhire pagulu pompano kuti onse amve.

Ayi, si msana. Mtsempha waukulu wa mumsana umayambira m'munsi mwa ubongo, n'kutsika m'kati mwa mafupa a msana mpaka kufupi ndi chiuno, ndipo umatulutsa timitsempha 31 mbali iliyonse. Umenewo ukapanikizika munthu amamva dzanzi, miyendo imafooka, nthawi zina mkodzo umangotuluka wokha. Msuweni alibe zimenezo. Lake ndi vuto la chithokomiro, kachiwalo kakang'ono ka kutsogolo kwa khosi, kamene kakutulutsa mahomoni opitirira muyezo. N'chifukwa chake mtima ukumuthamanga, akutuluka thukuta ngakhale mu June anthu akuwotha moto, nsima akudya ndithu koma akungowonda. Mwanena kuti pepala la magazi likusonyeza kuti TSH, homoni yolamula chithokomiro, ndi yotsika, ndipo T4, homoni yotuluka m'chithokomirocho, ndi yokwera. Eya, chizindikiro chake n'chimenecho.

Tsono mapilitsiwo asasiye, chonde. A carbimazole aja ndi amene amachepetsa mahomoniwo, koma sagwira lero ndi lero. Pamapita masabata 4 mpaka 8 kuti munthu amve kusintha kwenikweni, ndipo ambiri amamwa miyezi 12 mpaka 18. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti munthu akangoyamba kupeza bwino amawaika pambali, matenda n'kubwereranso. Enawo, a propranolol, amangokhazika mtima pansi ndi kuletsa kunjenjemera, chithokomirocho sachiza. Ngati ali ndi mphumu awauze adokotala, chifukwa angamubanikitse.

Apa ndiye mumvetsetse, azakhali. Akatentha thupi, kapena pakhosi pakayamba kuwawa, kapena m'kamwa mukatuluka zilonda, musangoti ndi malungo n'kukagula Panado pa kantemba. Asiye carbimazole tsiku lomwelo, apite kuchipatala, anene mankhwala amene akumwa, amuyeze magazi. Sizichitika kawirikawiri, koma mwa anthu ena mankhwalawa amagwetsa asilikali a m'magazi, ndipo kuchedwa kungatengetse moyo. Ngati kuchipatala chapafupi sangathe kuyeza, abwere kuchipatala chachikulu cha Chipata Central, adzagona kwathu kuno.

Chinanso, pepani kuti ndikunena pali amalume, koma n'chofunika. Akafuna kutenga pakati kapena akaona kuti sanasambe, asabise. M'miyezi 3 yoyambirira carbimazole angavulaze mwana, ndiye adokotala amasintha n'kupereka ena otchedwa PTU.

Za opaleshoni yochotsa chithokomiro, kapena ayodini wapadera amene amachiphwetsa, musade nazo nkhawa pano. Zimenezo adokotala amaziganizira mapilitsi akakanika kapena chithokomirocho chikatupa kwambiri n'kuyamba kutsamwitsa.

Mundijambulire khadi lake lija munditumizire, ndione tsiku limene anamulembera kuti akayezetsenso magazi.